JETS: Mbiri ya Bungwe la Ana a Sukulu Ofufuza ndi Kupanga Zinthu

Pa makalabu onse amene amapezeka m'sukulu za ku Zambia, ndi ochepa amene akhalitsa ngati JETS. Makalabu ambiri amabwera ndi mabungwe othandiza, ndipo ndalama zikatha nawonso amazilala. Koma JETS inayamba mu 1968, dziko litangotha zaka zinayi chilandirireni ufulu, ndipo mpaka lero ana a sukulu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amakonzekerabe mipikisano yake. Ena mwa anthu amene anali mamembala ake oyamba tsopano ndi agogo a zidzukulu.

Dzina lonse la bungweli ndi Junior Engineers, Technicians and Scientists, ndipo ntchito yake ndi kulera mainjiniya, amisiri ndi akatswiri a sayansi akadali pasukulu. Kachitidwe kake sikanasinthe kwenikweni kuyambira pachiyambi. Ana amakumana mu kalabu maphunziro a tsikulo akatha, amasankha vuto limene akuliona kwawo, amalifufuza limodzi, amapanga chinthu choti chilithetse, kenaka amakachionetsa kwa oweruza n'kuyankha mafunso. Kuti timvetse chifukwa chake kalabu yotere inafunika, tiyambe taona mmene dziko linalili pa nthawi imeneyo.

Ufulu unabwera amisiri kulibe

Pa 24 Okutobala 1964, pamene Northern Rhodesia inasanduka Zambia, nzika zimene zinali ndi digiri ya ku yunivesite zinali pafupifupi 100 zokha. Amene anamaliza sekondale n'kupeza satifiketi anali mwina chikwi chimodzi ndi mazana ochepa, m'dziko la anthu oposa 3 miliyoni. Chuma chonse chinkadalira mkuwa wa ku Copperbelt, koma kumigodiko ntchito zaluso zinali za azungu. Munthu wakuda ankaloledwa kukumba, kunyamula ndi kuthandizira, osati kuphunzira kuyendetsa makina aakulu kapena kujambula mapulani.

Kuno m'chigawo cha Kum'mawa zinthu zinali zovutirapo. Amuna ambiri ankachoka m'midzi kupita kumigodi, kumafamu a ku Southern Rhodesia kapena ku Joni, ena osabwerako mpaka kusanduka matchona. Maphunziro anali m'manja mwa amishoni. A Dutch Reformed anakhazikika ku Magwero mu 1899 n'kufalikira ku Madzimoyo, ku Nyanje ndi kwina, ndipo Akatolika nawo anatsegula sukulu zawo. Sukuluzo zinaphunzitsa anthu kuwerenga, kulemba, masamu pang'ono, ukalipentala ndi zomangamanga. Sayansi ya mu labotale ankaiona ndi ana ochepa kwambiri.

Kusowa kwa amisiri kunaonekera poyera patangopita chaka chimodzi. Pa 11 Novembala 1965 boma la Ian Smith linadzipatsa lokha ufulu ku Rhodesia, ndipo njira zimene Zambia inkadutsira potumiza mkuwa ndi kuitanitsa mafuta zinasokonekera. Panafunika njira zatsopano mwachangu. Paipi ya mafuta ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola inatha mu 1968, ndipo anaimanga ndi a kampani ya ku Italy. Njanji ya TAZARA inamangidwa ndi anthu a ku China kuyambira 1970 mpaka 1975. Mu Epulo 1968 Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza ku Mulungushi kuti boma litenga gawo lalikulu m'makampani angapo, ndipo mu Ogasiti 1969 analengeza ku Matero kuti boma litenga 51 peresenti ya migodi. Umwini unasintha papepala, koma odziwa kuyendetsa migodiyo anali akadali alendo.

Boma linkalidziwa vutoli. Pansi pa John Mwanakatwe, nduna yoyamba ya maphunziro, masukulu a sekondale anamangidwa mofulumira m'maboma ambiri. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo bungwe la boma lofufuza za sayansi, National Council for Scientific Research, linakhazikitsidwa mu 1967. Aphunzitsi a sayansi ndi masamu ambiri anachokera kunja, makamaka ku Britain ndi ku India.

Kubadwa kwa bungweli

JETS inachokera kwa aphunzitsi a sayansi, kudzera m'bungwe lawo la Zambia Association for Science Education, limene ambiri amalitchula kuti ZASE. Chimene chinkawavuta n'chakuti mwana ankatha kuloweza buku lonse n'kukhoza mayeso, koma atapatsidwa waya, batire ndi babu, sankadziwa poyambira. Sayansi inkaoneka ngati nkhani ya kutali, yochitikira m'mayiko a azungu, yosakhudzana ndi nkhokwe, chitsime kapena dimba la kwawo. M'kalasi munalibe nthawi yoti ana aziyesa zinthu okha, chifukwa silabasi inkayenera kutha mayeso asanafike. Choncho anaganiza zoyambitsa kalabu yokumana masana, kumene mwana angafunse funso lake, kulakwitsa, kuyambiranso, popanda kuopa kulephera mayeso.

Kalabu yokha sikanakhalitsa popanda chokopa. N'chifukwa chake anakonza zionetsero ndi mipikisano, kuti ntchito ya ana izionedwa ndi anthu ena kupatula mphunzitsi wawo. Kwa zaka zambiri ofesi ya bungweli inali ku sukulu ya mainjiniya ya pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka. Zimenezi zinathandiza kwambiri, pakuti akatswiri a payunivesite ndi a m'makampani ankatenga nawo mbali poweruza, ndipo mwana wochokera kumudzi ankatha kulankhulana maso ndi maso ndi injiniya weniweni, mwina kwa nthawi yoyamba m'moyo wake.

Mmene mpikisano umakwerera

Mphamvu ya JETS yagona pa kakonzedwe kake, komwe kamatsata kayendetsedwe ka unduna wa maphunziro. Zonse zimayambira pasukulu, pamene mphunzitsi mmodzi kapena awiri amasankhidwa kuyang'anira kalabu. Sukulu imasankha ntchito zabwino n'kupita nazo ku zoni, kumene masukulu oyandikana amakumana. Opambana kumeneko amakapikisana pa boma lonse, ndipo opambana pa boma amapita ku chionetsero cha chigawo. Omwe apambana m'chigawo ndiwo amapanga timu yokapikisana ndi zigawo zina pa chionetsero cha dziko lonse, chimene kawirikawiri chimachitika patchuthi cha mwezi wa Ogasiti. Kuyambira 2011, pamene chigawo cha Muchinga chinakhazikitsidwa, Zambia ili ndi zigawo khumi.

Mpikisanowo uli ndi mbali zingapo. Pali mapulojekiti, amene amagawidwa malinga ndi maphunziro monga zaulimi, zamoyo, kemisitiri, fizikisi, masamu, makompyuta ndi mphamvu zamagetsi. Pali mpikisano wa mafunso, pamene ana a timu imodzi amakhala pabenchi limodzi n'kumanong'onezana yankho nthawi isanathe. Palinso mayeso olemba ovuta kuposa a m'kalasi, amene amafuna kuganiza mozama osati kuloweza. Ana amapikisana molingana ndi msinkhu wa maphunziro awo, ndipo m'kupita kwa zaka bungweli linatsegulanso khomo kwa ana a pulayimale, kwa aphunzitsi eniake, ndiponso kwa achinyamata amene sali pasukulu.

Kakonzedwe kameneka kamachititsa kuti mwana asinthe anzake pamene akukwera. Amene anali mdani wake pa zoni amasanduka mnzake akamaimira boma limodzi, ndipo ana a Katete, Sinda, Vubwi, Chipata ndi Petauke, amene dzulo ankalimbana, amakhala timu imodzi ya chigawo cha Kum'mawa, kukwera basi imodzi ndi kuthandizana kukonza zimene zathyoka panjira.

Zaka za kusowa

Bungweli lisanakwanitse zaka khumi, chuma cha dziko chinagwa. Mafuta anakwera mtengo mu 1973, ndipo mu 1975 mtengo wa mkuwa unatsika kwambiri. Ndalama zogulira zipangizo za mu labotale zinasowa. Aphunzitsi ochokera kunja anayamba kubwerera kwawo, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 aphunzitsi ambiri a sayansi a ku Zambia konkuno anapita kukagwira ntchito ku Botswana ndi mayiko ena oyandikana kumene malipiro anali abwinoko. Matenda a Edzi anatenganso aphunzitsi ochuluka. M'masukulu ambiri malabotale anatsala zipinda chabe, mipopi yamadzi ndi ya gasi itauma, mabotolo a mankhwala ali mbee.

Makalabu ambiri akanafera pomwepo. JETS inapulumuka chifukwa chakuti sinkadalira zipangizo zodula. Aphunzitsi ndi ana anazolowera kutola zimene zilipo: zitini, mabotolo, machubu a njinga, mawaya a mawailesi akufa, nsungwi, dongo ndi malata otsala. Kusowako kunasinthanso mitu ya mapulojekiti. Mmalo mobwereza zoyesera za m'mabuku a ku Britain, ana anayamba kufunsa za sopo, mafuta ophikira, feteleza ndi mankhwala a mbewu, zinthu zimene zinkasowa m'masitolo ndipo makolo awo ankazidandaula tsiku ndi tsiku. Khalidwe limene JETS imadziwika nalo lero, lopanga chinthu chothandiza kuchokera ku zotayidwa, linakhwima m'zaka zovuta zimenezo.

Pambuyo pake boma linayamba kulisenza lokha bungweli. Masiku ano JETS imayendetsedwa ndi unduna wa maphunziro kudzera ku National Science Centre, imene ili ku Kabulonga mu Lusaka. Nthambi imeneyi ndi imene imaphunzitsa aphunzitsi a sayansi ndi masamu ali pantchito, komanso imapanga timalabotale toyenda, tokhala ngati kabati ya matayala, toti mphunzitsi azikankha kuchoka m'kalasi ina kupita m'kalasi ina pasukulu yopanda labotale. Kuyambira 2005, mothandizana ndi bungwe la ku Japan la JICA, unduna unayambitsa njira yoti aphunzitsi azikonzera limodzi phunziro, kuonererana pophunzitsa ndi kudzudzulana. Njirayi inayambira m'chigawo cha Pakati n'kufalikira m'dziko lonse. Silabasi ya 2013 inabweretsa phunziro la makompyuta ndi njira ya ntchito zamanja ku sekondale, ndipo zonsezi zinaonekera m'zimene ana anayamba kubweretsa ku zionetsero.

Ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Kwa nthawi yaitali ana a dera lino amene ankapita patali mu JETS ankachokera m'masukulu ogonera komweko okhala ndi malabotale, monga Katete Secondary ya mpingo wa Reformed ndi Chassa ya Abale a Marist. Akafika pa chigawo ankakumana ndi masukulu amphamvu a ku Chipata monga Chizongwe ndi St Monica's. Mwana wa sukulu yoyendera ya kumudzi ankavutika kuti adutse n'komwe pa boma.

Mu 2012 boma la Pulezidenti Michael Sata linakhazikitsa maboma atsopano. Sinda inapangidwa kuchokera ku mbali za Katete ndi Petauke, ndipo Vubwi inachotsedwa ku Chadiza. Poti JETS imatsata malire a maboma, kusinthaku kunatanthauza kuti Sinda ndi Vubwi zikhala ndi ofesi yawoyawo ya maphunziro, mpikisano wawo, ndi malo awoawo pa chionetsero cha chigawo. Mwana wa kwa Pembamoyo, kumalire a Malawi ndi Mozambique, amene kale ankayenera kuyamba wapambana ku Chadiza, anapeza khomo lapafupi. Chimodzimodzinso mwana wa kwa Nyanje. Komabe kutalika kwa mtunda sikunathe. Msewu wochoka ku Vubwi kupita ku Chipata wakhala wovuta kwa zaka zambiri, ndipo chinthu chomatidwa ndi guluu chikakwezedwa pa galimoto ya bokosi, sichifika chili chimodzimodzi.

Chimene dera lino silisowa ndi mafunso oti ana afufuze. Anthu ake ndi alimi a chimanga, mtedza, soya, mpendadzuwa ndi thonje, komanso oweta ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba. Anankafumbwe amadya chimanga m'nkhokwe. Mtedza ukauma moipa umachita chuku chimene chimadwalitsa anthu ndi kutsitsa mtengo pamsika. Mbozi za ntchemberezandonda zinalowa m'dziko chakumapeto kwa 2016 ndipo sizinachokenso. Nkhuni zikusowa, makala akudula. Mu Januwale 2023 kolera inabuka ku Vubwi. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho ndi ngozi yogwera dziko lonse, ndipo magetsi anayamba kuzima maola ambiri patsiku chifukwa madzi anachepa ku Kariba. Zonsezi ndi zimene zimabala mitu yodziwika ya mapulojekiti: makala opangidwa ndi makoko a mtedza kapena zitsononkho, mbaula zosatha nkhuni, choumitsira mango ndi mfutso pogwiritsa ntchito dzuwa, gasi wophikira wochokera ku ndowe, sefa ya madzi, kuthirira dimba modontheza ndi mabotolo, ndi mankhwala a mbewu ochokera ku masamba.

Pulojekiti imodzi tikaiyang'anitsitsa

Kuti tione mmene gulu limagwirira ntchito, titenge funso limene limabwera kawirikawiri m'dera la alimi: kodi phulusa ndi masamba a nimu zimatetezadi chimanga kwa anankafumbwe? Mwana mmodzi sangalimalize yekha. Pamafunika wina wokafunsa agogo ndi alangizi a zaulimi mmene anthu amachitira kale. Pamafunika wina wa manja aluso, wokonza zitini kapena timatumba tofanana kukula. Wina amakhala wa masamu, wosunga kope la zotsatira, ndipo wina amakhala wolankhula bwino, amene adzaime patsogolo pa oweruza.

Anawo amayeza chimanga chofanana kulemera n'kuchiika m'zitini. Mu zina amathiramo phulusa, mu zina ufa wa masamba a nimu, mu zina mankhwala a kusitolo, ndipo zina amazisiya zopanda kanthu kuti akhale ndi poyerekezera. Mtundu uliwonse umafunika zitini zingapo, chifukwa chitini chimodzi chikhoza kunamiza. M'chitini chilichonse amaikamo anankafumbwe ofanana chiwerengero, n'kutseka ndi kansalu kolowa mpweya. Mlungu uliwonse amatsegula, kuwerenga amoyo ndi akufa, kuwerenga njere zobooka, ndi kuyeza ufa umene wagwera pansi. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ndipo m'pamene gulu limayesedwa. Wina amadwala, wina amatumidwa kumunda, wina amaiwala kulemba tsiku. Ngati sanagawane bwino ntchito, kope limakhala ndi mipata imene woweruza amaiona msanga.

Tsiku la chionetsero likafika, madesiki amandandalikidwa m'holo kapena m'kalasi, mapepala a manila atamatidwa pakhoma. Woweruza wodziwa ntchito yake sachedwa ndi kukongola kwa zojambula. Amafunsa kuti, "Ana inu, chitini chopanda mankhwalachi munachiikiranji?" Kenaka amatembenukira kwa amene wakhala chete n'kumufunsa kuti, "Nanga iwe mwanawe, unagwira ntchito yanji pamenepa?" Ngati anawo anagwiradi ntchito limodzi, aliyense amayankha mosadodoma, ndipo amatha kunena ngakhale zimene zinawakanika.

Chitsanzo china ndi sefa ya madzi yopangidwa ndi mchenga, timiyala ndi makala m'chigubu chodulidwa pansi. Madzi a matope akathiridwa pamwamba amatuluka oyera, ndipo oonerera amaomba m'manja. Koma gulu lokhwima limadziwa kuti madzi oyera m'maso akhoza kukhalabe ndi tizilombo ta kolera, ndipo limanena poyera kuti madziwo afunika kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini. Mwana amene waphunzira kusiyanitsa chimene waona ndi chimene watsimikiza wapeza chinthu choposa mphotho, ndipo kumudzi kwawo chidziwitso chimenecho chikhoza kupulumutsa moyo.

Ana amene kalabu siiwapeza

Mbiri ya JETS m'maboma atatuwa singasiyanitsidwe ndi nkhani ya ana amene safika n'komwe m'kalasi. Ku Katete ndi ku Sinda kuli chizolowezi chakale chotuma anyamata kukaweta ng'ombe za eni kwa zaka zingapo, malipiro ake n'kudzakhala ng'ombe imodzi. Ambiri mwa anyamata amenewa ndi aluso. Amaumba ng'ombe zadothi, amapanga magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero chokhota, amatcha misampha yodabwitsa. Koma amayamba sukulu mochedwa kapena osayamba n'komwe. Atsikana nawo amasiyira panjira chifukwa cha mimba ndi maukwati a ana. Kalonga Gawa Undi, amene likulu lake lili ku Mkaika m'boma la Katete, wakhala akulankhula mwamphamvu kuti ana akhale pasukulu ndipo asakwatiwe ali aang'ono. Kuyambira 1997 ndondomeko ya boma imalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu.

Ngakhale amene ali pasukulu, si onse amene angathe kutsalira masana. Mwana woyenda makilomita ambiri sangadikire kalabu ali ndi njala, ndipo mtsikana amayembekezeredwa kukatunga madzi ndi kuphika. Aphunzitsi amene akwanitsa kukhala ndi atsikana ambiri mu kalabu ndi amene amakambirana ndi makolo, ndiponso amaonetsetsa kuti mtsikana akugwira sikuludiraiva ndi sikelo, osati kungolemba mitu yokongola pa manila.

Mu Januwale 2022 boma linachotsa malipiro a sukulu mpaka ku sekondale, ndipo chaka chomwecho linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Ana ambiri anabwerera kusukulu. Ichi ndi chinthu chabwino, koma makalasi anadzaza, ndipo mphunzitsi wa sayansi amene akuphunzitsa ana ochuluka chotero amafika masana atatopa. Silabasi yatsopano imene inayamba kugwira ntchito mu 2025 ikutsindika zoti mwana azitha kuchita zinthu, osati kungozidziwa. Zimenezi ndi zomwe JETS yakhala ikunena kuyambira 1968.

Zofooka zimene sizibisika

Bungwe lokhalitsa limakhalanso ndi zizolowezi zoipa, ndipo aphunzitsi eniake amazidziwa. Choyamba n'chakuti m'masukulu ambiri kalabu imagona chaka chonse n'kudzuka kalata ya mpikisano ikafika. Pamenepo sipakhalanso nthawi yofufuza. Mphunzitsi amasankha ana awiri kapena atatu anzeru, nthawi zina n'kupanga yekha chinthucho kapena kukapangitsa kwa wowotcherera pamsika, ndipo anawo amangoloweza zoti akanene. Chiyambireni mafoni a intaneti, kwabweranso kukopera zimene ena anapanga kale kwina. Sukulu ikhoza kubwera ndi chikho mwa njira imeneyi, koma ana ake sanaphunzire kanthu, ndipo ena onse a mu kalabu aphunzira kuti chofunika ndi kuoneka bwino pamaso pa akuluakulu.

Chachiwiri n'chakuti mpikisano suyamba mofanana. Sukulu ya m'tauni imabwera ndi makina oyendera kompyuta, pamene sukulu ya ku Vubwi yabwera ndi mbaula yadothi. Maso a anthu amathamangira ku chowala. Oweruza akapanda kusamala, amapereka mphotho kwa amene anali ndi ndalama zogulira zipangizo mmalo mwa amene anafufuza bwino.

Chachitatu, chomwe ndi chachikulu, n'chakuti mapulojekiti ambiri amathera pa chionetsero. Satifiketi ikaperekedwa, chinthucho chimakaikidwa m'sitolo ya sukulu mpaka chiswe chitachidya. Chaka chotsatira ana ena amayambanso pomwe anzawo anayambira, osati pomwe analekezera. Mabungwe oti athandize alipo. Pali National Technology Business Centre, yothandiza kuti zopangidwa zifike pamsika, ndi PACRA, yolembetsa umwini wa luso. Koma maofesi amenewa ndi akutali kwa mwana wa sekondale wa kumudzi, ndipo Lusaka, kumene kuli malikulu awo, ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Katete.

Kutsidya kwa malire kuli chitsanzo chimene Achewa ambiri amachidziwa. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi anasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zidutswa za njinga ndi zitsulo zotola. Dziko linamudziwa atakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007. Makina ake sanapangidwire oweruza. Anayatsa nyale m'nyumba ya makolo ake, ndipo anthu a m'mudzi ankabwera kudzatchajitsa mafoni. Iye anavutika ndi mabuku a mu laibulale yaing'ono, anthu akumuyesa wamisala. Ana a ku Katete, Sinda ndi Vubwi ali ndi chimene iye analibe, chomwe ndi kalabu ndi mphunzitsi wowayang'anira. Chotsala n'chakuti zimene akupangazo zizifika pakhomo monga zinafikira zake.

Zimene zingachitike ndi zomwe zilipo kale

Kukonza zimenezi sikufuna bungwe latsopano. Mu 2022 ndalama za chitukuko cha m'madera, za CDF, zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Pa chisankho cha 2021 maboma atatuwa anali ndi madera asanu: Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi. Makomiti amene amasankha ntchito za chitukuko akamakambirana za midadada ya makalasi ndi madesiki, akumbukirenso chipinda cha sayansi, sikelo, zida za ukalipentala ndi magetsi a dzuwa. Akatswiri oti athandize ana aliponso pafupi. Ku chipatala cha St Francis ku Katete ndi cha Nyanje ku Sinda kuli anthu odziwa za labotale. M'madera ambiri muli alangizi a zaulimi, ndipo ku Msekera pafupi ndi Chipata kuli malo ofufuzira za mbewu. Makaniko wa pa Katete Stores ndi mayi woumba mbiya nawonso ndi aphunzitsi, akangoitanidwa mwaulemu.

JETS yakhala zaka zoposa 50 chifukwa cha aphunzitsi amene amatsalira masana popanda malipiro apadera, ndi ana amene amasonkherana nzeru pa zinthu zotola. Inu aphunzitsi aakulu, ipatseni kalabu tsiku lake mlungu uliwonse kuyambira temu yoyamba, ndipo sungani makope a ana kuti obwera m'mbuyo apitirize pomwe anzawo analekezera. Inu oyang'anira kalabu, lolani ana apange okha, ngakhale chinthucho chituluke chokhota. Inu makolo ndi mafumu, mukamva kuti pasukulu pali chionetsero, pitani mukaone, mukafunse mafunso, ndipo chimene chakukomerani mukachiyese kunyumba kwanu. Sukulu imene mbaula ya ana ake ikuphikira m'makomo khumi a m'mudzi yapambana kale, kaya yabwera ndi chikho kapena ayi.